Kujambula zithunzi ndi foni poyenda kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo: mmene mungachitire

Phiri la Mulanje limavuta kujambula ndipo aliyense amene anayesapo akudziwa zimene ndikunenazi. Ukaima pa Chitakale n'kuyang'ana, phirilo limadzadza maso onse mpaka khosi kuwawa, koma ungotulutsa foni n'kudina, pa sikirini pamabwera kachulu kotuwa kokhala kutali, kumwamba kuli mbee, kutsogolo kuli mawaya a magetsi ndi denga la shopu ya munthu. Ambiri pamenepo amangoti vuto ndi foni, bola akanakhala ndi iPhone. Koma Tecno kapena Itel kapena ka Samsung kakale komwe muli nakoko kamatha ntchito ndithu ngati mwadziwa nthawi yotuluka, malo oima ndi podina. Ndalemba izi kwa anzanga amene mumakonda kungoyenda Loweruka kapena mukaweruka kuntchito, ndipo mukufuna kuti zimene maso anu aona zibwere kunyumba zikuonekabe choncho.

1. Musanatuluke pakhomo

Pukutani lenzi. Ndikudziwa zikumveka zazing'ono koma zithunzi zambiri zotuwa zimene anthu amaika pa WhatsApp vuto lake ndi limeneli basi, foni yakhala m'thumba tsiku lonse, mwaigwira mutadya mandasi kapena chipisi, mafuta apaka pa galasi la kamera nde chilichonse chikuoneka ngati kuli utsi. Kansalu kofewa kapena m'mphepete mwa malaya a thonje, pukutani mozungulira, ndipo muzichita zimenezi nthawi iliyonse mukatulutsa foni osati kamodzi kokha m'mawa.

Kenako lowani mu ma setingi a kamera mukonze zinthu zingapo kamodzi n'kuiwalako. Yatsani grid, timizere tija tiwiri toima ndi tiwiri topingasa timene timagawa sikirini kukhala mabokosi 9. Zimitsani fulashi, isamayake yokha. Zimitsani beauty mode chifukwa imasalaza nkhope n'kuyeretsa khungu mpaka agogo anu osawazindikira, makwinya onse amene amawapanga kukhala iwowo atachoka. Chotsaninso watermark ija imalemba dzina la foni pakona pa chithunzi. HDR, imene imathandiza kuti malo owala ndi amdima onse aoneke, isiyeni pa auto. Ndipo kukula kwa chithunzi siyani pa 4:3, chifukwa mukagwira foni chopingasa, ija yodzadza sikirini yonse imangodula m'mwamba ndi m'munsi, pomwe kuno kwathu zinthu zake n'zazitali, phiri, mitengo ya bulugamu, mathithi.

Tchajani foni madzulo magetsi akadalipo, musadikire m'mawa. Kamera imadya batire, ndipo kumalo komwe netiweki ikuvuta ngati m'tsinde mwa phiri foni imalimbana kufunafuna netiweki nde batire limatha msanga, bola kuika pa flight mode n'kumayatsa mukafuna kuimba. Onaninso sipesi, zimawawa kufika pamalo abwino foni n'kumakuuzani kuti yadzadza. Tengani jumbo yoyera yoikamo foni mvula ikayamba, botolo la madzi, ndi ndalama zing'onozing'ono, ndifotokoza kutsogoloku ntchito yake.

2. Sankhani nthawi, ndipo dziwani komwe dzuwa lili

Apa nde pagona nkhani yonse, nde ndikhalitsapo.

Kuwala kwabwino kumakhala ola loyamba dzuwa likangotuluka ndi ola lomaliza lisanalowe. Kuno nyengo yozizira, mu Juni ndi Julayi, dzuwa limatuluka cha m'ma 6 koloko n'kulowa itangopitirira pang'ono 5 koloko madzulo. Mu Novembala ndi Disembala limatuluka cha m'ma 5 koloko n'kulowa cha m'ma 6. Nde ngati mukudzuka 8 koloko mwezi wa Novembala kuti mukajambule, kuwala kofewa kuja kwapita kale, kwatsala kowala mobaya m'maso. Dzuwa likafika paliwombo anthu amatsinzina, m'maso mumachita mdima, masamba a tiyi amanyezimira n'kuoneka oyera m'malo mobiriwira. Nthawi imeneyo khalani pamthunzi mudye nanazi, kapena jambulani zinthu za pamthunzi pomwepo.

Tsono phirili lili ndi mbali zake. Mukakhala ku Likhubula kapena mu msewu wochokera pa Chitakale kulowera ku Phalombe, phiri limakhala chakum'mawa kwanu. Kutanthauza kuti m'mawa dzuwa limatulukira kuseri kwa phirilo ndipo mukajambula limangobwera chinthu chakuda bii chopanda mizere ya matanthwe. Mbali imeneyi ndi ya madzulo. Kuyambira cha m'ma 3:30 kupita kutsogolo thanthwe lalikulu la Chambe lija limalandira dzuwa maso ndi maso, ming'alu yonse imaoneka, ndipo dzuwa likamalowa limasanduka lofiirira kwa mphindi zochepa chabe, mukachedwa ndi kucheza mupeza zatha. Mukakhala pa Boma kapena mu msewu wa M2 kulowera ku Muloza, phiri limakhala chakumpoto kwanu. Miyezi yozizira dzuwa limadutsa chakumpotoko, nde masana onse mumakhala mukujambula moyang'anana nalo, phiri n'kumaoneka lotuwa. Kumeneko pitani m'mamawa kwambiri kapena madzulo pamene kuwala kukubwera cham'mbali, kumatulutsa mapindikidwe a phiri bwinobwino. Ku Thyolo, mukakhala pamtunda m'minda ya tiyi tsiku loyera, Mulanje amaoneka patali chakum'mawa, ndipo amaoneka bwino madzulo dzuwa lili kumsana kwanu.

Lamulo losavuta kukumbukira: musanadine yang'anani chithunzithunzi chanu pansi. Chikaloza kutsogolo kwanu kapena cham'mbali, jambulani. Chikaloza kumbuyo kwanu nde kuti mwayang'anana ndi dzuwa, zungulirani kapena vomerani kuti zinthu zibwera zakuda, zomwenso nthawi zina zimakongola ngati mwachitira dala, mwachitsanzo munthu wa kabaza akudutsa pamtunda dzuwa likulowa kumbuyo kwake.

Miyezi nayo imasiyana kwambiri. Seputembala ndi Okutobala kumakhala fumbi ndi utsi wa moto wa m'tchire, phiri limatha kubisika masana lili pomwepo, nde miyezi imeneyi musalimbane nalo, jambulani zapafupi, jakaranda atachita maluwa, misika, anthu. Mvula ikayamba mpweya umayera, ndipo tsiku lotsatana ndi mvula yamphamvu ndi limene ine ndimalikonda kuposa onse, matanthwe ali onyowa akuda, timathithi toyera tikutsika paliponse pomwe dzulo panali pouma, tiyi ali biriwiri. Mukaona kwacha choncho siyani zochapa, tulukani.

Nde pali chiperoni, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, kamvula kowaza kozizira kaja kobwera ndi nkhungu kuchokera mbali ya ku Mozambique. Anthu ambiri amabisa foni masiku amenewa pomwe ndi masiku a zithunzi zokongola zedi m'minda ya tiyi. Nkhungu imabisa zosafunika zonse za kumbuyo, pamatsala mtengo umodzi, kanjira, munthu atafunda chitenje. Chinsinsi chake n'choti pafupi nanu pakhale chinthu chooneka bwino, ndipo mukweze kuwala pang'ono chifukwa kamera ikaona zoyera zambiri imadetsa chithunzi. Foni izikhala mu jumbo, muziitulutsa podina pokha, ndipo lenzi muziipukuta pafupipafupi poti imachita nthunzi.

3. Sankhani njira yaifupi

Simukufunika kukwera Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, mamita 3,002 aja asiyireni tsiku lina ndi okuperekezani ake. Njira ya ola limodzi kapena awiri imakwana, kuchoka pa Boma kuyenda wapansi kufika pa Chitakale, kutsata misewu ya fumbi yodutsa m'mbali mwa minda ya tiyi, kuzungulira pa Luchenza mbali ya njanji, kapena pa Bvumbwe m'mamawa ndiwo zamasamba zikutsitsidwa. Yendani pang'onopang'ono ndipo muzicheuka, nthawi zambiri chithunzi chabwino chimakhala kumbuyo kwanu komwe kuwala kukugwera mosiyana. Njira imodzimodziyo muibwereze miyezi yosiyana, mudzadabwa kuti simalo amodzi.

4. Kagwiridwe ndi kadinidwe

Manja awiri, zigongono zigunde m'nthiti, pumani kaye kenako dinani mofatsa. Batani la volume limajambulanso pa mafoni ambiri ndipo foni sigwedezeka kwambiri ngati mmene imachitira mukamabaya sikirini ndi chala. Ngati pali mtengo, mpanda kapena chipilala, tsamirani.

Musanajambule dinani kamodzi pa sikirini pa chinthu chimene mukufuna chioneke bwino. Pamabwera kabokosi kapena kozungulira, pambali pake kachizindikiro ka dzuwa. Kokerani kadzuwako pansi chithunzi chidere, m'mwamba chiwale. Pojambula phiri ndi mitambo kokerani pansi pang'ono mpaka mitambo ioneke mapangidwe ake, chifukwa malo amene ada mutha kuwawalitsa pambuyo pake koma kumwamba kukayera mbee palibenso chobweza. Mukadina n'kugwiritsa chala kwa kanthawi, mafoni ambiri amatseka pomwepo osasinthasinthanso, zimathandiza mukamadikira munthu kuti adutse pamalo amene mwasankha.

Za zoom. Kutambasula zala pa sikirini mpaka 5x kapena 10x pa mafoni athu ambiriwa kumangokulitsa timadontho, chithunzi chimaphwanyika. Imani pa 2x basi, kupitirira apo yendani ndi miyendo.

5. Kuti phiri lioneke kukula kwake

Kamera ya foni imaona motambalala, nde zapafupi imazikulitsa, zakutali imazichepetsa. Ndi chifukwa chake mnzanu akaima pafupi nanu n'kumujambula, iye amadzadza chithunzi chonse phiri n'kukhala kakang'ono kuseri kwa phewa lake. Chitani izi: muuzeni aime pamsewu kapena pakanjira, inu mubwerere m'mbuyo masitepe 20 olo 30, ikani 2x, kenako jambulani. Munthu achepa, phiri likwera n'kudzadza kumbuyo konse, ndipo amene sanafikeko ku Mulanje aona kuti chinthuchi n'chachikulu zoona. Nyumba, tchalitchi, mtengo, minibasi, chilichonse chimene anthu amadziwa kukula kwake chikakhala m'munsi mwa chithunzi chimagwira ntchito yomweyo.

Gwiritsani ntchito timizere ta grid tija. Pomwe minda yathera n'kuyamba phiri pagone pa mzere wa m'munsi ngati nkhani yanu ndi phiri ndi mitambo, kapena pa mzere wa m'mwamba ngati nkhani ndi tiyi. Munthu muikeni pomwe mizere yadutsana osati pakatikati nthawi zonse, ndipo mbali imene akuyang'ana kapena akulowera musiyeko mpata. Onetsetsani kuti chithunzi sichinapendekeke, mitengo ya magetsi ndi makoma ziime chilili.

M'minda ya tiyi muli mizere yaulere, tinjira ta othyola tija todutsa pakati pa tiyi. Imani poyambira kanjira kuti kachokere pakona ya m'munsi n'kulowera kuphiri, maso a woona amatsata komweko. Yesaninso kunjuta, foni ikhale pamwamba penipeni pa tiyi, dinani pa nsonga yanthete ija ya masamba awiri ndi kamphukira imene amathyola, ngati kuli m'mawa pamakhala mame, kumbuyo konse kumafewa n'kusiya kansongako kali ngwee. Anthu ambiri amajambula ataima chilili foni ili pamphuno, nde zithunzi zonse zimafanana, pomwe kungotsika pang'ono kapena kukwera pachitunda zinthu zimasintha.

Chomaliza pa gawo ili, yang'anani m'makona onse anayi musanadine. Jumbo yotayidwa, waya, mtengo womera pamutu pa munthu. Sitepe imodzi kumanja kapena kumanzere imachotsa zambiri mwa zimenezi.

6. Anthu

Apa ndilankhule motsindika chifukwa zimandikhudza. Amayi amene akuthyola tiyi ndi dengu kumsana ali pantchito, akuthamangitsa makilo a tsiku limenelo, sanabwere kudzakongoletsa Facebook ya munthu. Kungofika n'kuwaloza foni osapereka ndi moni omwe ndi chipongwe, olo chithunzicho chikongole bwanji. Yambani ndi moni foni ili m'thumba. "Mwaswera bwanji amayi, ntchito ikuyenda?" Chezani pang'ono, nenani kuti ndinu a kuti, kenako pemphani: "Ndimakonda kujambula malo athu ano, mungandilole ndikujambuleni mukugwira ntchito? Mukakana palibe vuto." Akakana thokozani n'kupitirira, musabe chithunzi mutafika patali. Akalola jambulani msanga musawachedwetse, ndipo aonetseni pa sikirini. Ngati mukufuna kuchiika pa intaneti nenaninso zimenezo, chifukwa kulola kujambulidwa ndi kulola kuonedwa ndi dziko lonse ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Minda ya tiyi ili ndi eni ake. Msewu wa aliyense wodutsa pakati mutha kujambulirapo, koma kulowa mkati kapena kuyandikira fakitale funsani alonda kapena akapitawo. Ma esiteti ena ngati Satemwa ku Thyolo, imene inayamba mu 1923, amalandira alendo mwadongosolo lake, nde ngati mukufuna kuyenda momasuka mkati konzani nawo.

Pamsika, kaya pa Chitakale, Limbuli kapena Bvumbwe, ndalama zing'onozing'ono zija zigwire ntchito. Gulani kaye, mulu wa tomato, nanazi, nthochi, kenako pemphani. Ndipo si nthawi zonse pofunika nkhope. Manja a mayi akupanga milu ya tomato itatuitatu china pamwamba, mpeni ukusenda nanazi madzi akutsika m'zala, nandolo ali m'lichero, makaka atayanikidwa, zimenezi zimanena za kwathu kuno kuposa chithunzi cha msika wonse chimene chimangokhala piringupiringu. Foni igwireni zolimba pamalo odzadza anthu ndipo mukatha ibwezeni m'thumba la kutsogolo.

Khungu lathu lakuda limafuna kuwala kofewa. Munthu muimikeni pamthunzi wa khonde kapena wa mtengo koma nkhope iyang'ane kunja komwe kukuwala, dinani pankhope, kwezani kadzuwa kaja pang'ono ngati pakufunika. Mupewe mthunzi wamawangamawanga wa pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali, umasiya zigamba pankhope. Kumbuyo kukakhala kowala kwambiri, monga kumwamba koyera kapena khoma la laimu, nkhope imada, sinthani malo. Ndipo musawauze kuti "sekani", alankhuleni nkhani, afunseni za adzukulu, kumwetulira kwenikweni kumabwera kokha inu n'kudina kangapo.

Ana amathamangira kamera okha, koma chilolezo chimachokera kwa kholo, ndipo mwana wa eni musamuike pa intaneti ali mu yunifolomu yoonetsa sukulu yake kapena ali kosamba kumtsinje. Pamaliro, kumanda, pachipatala, pangozi ya pamsewu, bwezani foni m'thumba. Pa rodibuloko ya apolisi ndi pachipata cha malire cha Muloza musajambule, mungadzipalire nkhani yaulere. Mukalowa m'mudzi umene sakudziwani yendani ndi munthu wa komweko ndipo kaonekereni kwa amfumu ngati mukhalitsa, tonse tikukumbuka mmene mphekesera za anamapopa zinavutira mbali ino mu 2017, mlendo woyenda mwakachetechete n'kumaloza zipangizo pa nyumba za anthu amadzetsa mantha osafunika.

7. Zinthu zoyenda

Akabaza atanyamula matumba, njinga yodzadza nanazi, ana akusewera mpira wachikulunga. Musathamangitse ndi foni. Sankhani malo abwino kumbuyo kwake, dinani pamsewu pomwe adutse, dikirani, akamafika gwiritsani batani kuti ijambule zambiri motsatizana, pa mafoni ena mumakokera batanilo pansi kapena pambali. Pa zithunzi 10 chimodzi chimakhala bwino, zinazo fufutani pompo. Izi zimafuna kuwala kokwanira, kukayamba mdima zoyenda zonse zimabwera zopakika.

Magule nawo chimodzimodzi. Mu Okutobala ku Chonde kumakhala mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ndipo tchopa, gule amene UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuika m'kaundula wake mu 2014, amavinidwa fumbi kuchita kobo. Khalani pansi kutsogolo ngati akulolani, jambulani mapazi, ng'oma, zikopa ndi nthenga za ovina, osaima pakati pa bwalo kutchingira anthu. Mu Julayi kumakhalanso mpikisano wothamanga wa Porters Race ku Likhubula, pamenepo imani pomwe othamanga akutsikira, nkhope zawo pomaliza zimanena zonse.

8. Ku Dziwe la Nkhalamba ndi m'mitsinje

Kuchokera pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi wapansi kukwera, ndipo tengani wokuperekezani wa pomwepo, amadziwa njira, amadziwanso pamene madzi sali bwino, komanso ndi ntchito imene ikudyetsa mabanja awo. Mathithi amajambulika bwino kukakhala mitambo kapena dzuwa lisanafike m'chigwamo, chifukwa padzuwa madzi amangoyera mbee miyala n'kuda. Dinani pamadzi oyerawo n'kutsitsa kuwala. Ikani munthu pambali patali kuti kutalika kwa mathithi kuoneke. Ngati foni yanu ili ndi Pro mode ndipo kwachita kamdima, ikani ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) pa nambala yotsikitsitsa, shutter (nthawi imene kamera imalowetsa kuwala) pa 1/4 ya sekondi, khazikani foni pamwala isagwedezeke, ikani timer ya masekondi 3, madzi amabwera osalala. Masana owala zimenezi sizitheka, chithunzi chimapsa.

Koma chonde abale anga, miyala ya pamenepo ili ndi ndere ndipo imaterera, madzi ndi ozizira komanso akuya, ndipo nthawi ya mvula mtsinje umatha kudzadza mwadzidzidzi chifukwa cha mvula imene yagwa pamwamba pa phiri inu pansi pano kuli dzuwa. Musabwerere chambuyo mukuyang'ana pa sikirini, ndipo selfie ya m'mphepete mwa thanthwe isiyeni. Okuperekezani akati apa ayi, mverani. Malowa anthu amawalemekezanso ngati malo a mizimu ya makolo, ndi mbali ya zifukwa zimene phirili linalowera m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, nde phokoso la sipika ndi kutaya mabotolo sizoyenera.

9. Mukafika kunyumba

Khalani pansi tsiku lomwelo musankhe. Pa zofanana zisanu sungani chimodzi chokha. Kuedita kukhale kochepa, app ya Snapseed ndi yaulere ndipo imakwana, olo editor ya mu gallery momwemo. Yambani ndi kuwongola ngati chapendekeka, dulani zosafunika m'mbali, tsitsani highlights (malo owala) kuti mitambo ibwerere, kwezani shadows (malo amdima) pang'ono kuti nkhope ndi mitengo zioneke. Saturation, ija yowonjezera mphamvu ya mitundu, musaikhudze kwambiri, tiyi wa kuno ndi wobiriwira kale ndipo mafoni ambiri amawonjezera okha mtundu, mukakwezanso amaoneka wabodza ndipo dothi lathu lofiira lija limasanduka la orenji. Mukamaliza yerekezani ndi choyamba chija, ngati khungu la munthu lasintha mtundu bwererani.

Potumiza pa WhatsApp dziwani kuti imafinya chithunzi kuti chichepe. Dinani HD, kapena tumizani ngati document ngati munthuyo akufuna kukachapitsa, zimadya bandulo yambiri koma chimafika chathunthu. Ndipo chimene mwalandira pa WhatsApp kapena kusevera pa status si chofanana ndi choyambirira, sungani cha mu kamera.

10. Kusunga

Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imangozima osadzukanso. Google Photos imapereka 15GB yaulere pa akaunti iliyonse, yogawana ndi Gmail, ikani kuti izikweza mukakhala pa WiFi kapena mukagula bandulo ya usiku, ndipo password ya akauntiyo ilembeni penapake. Memori khadi nayo ndi yabwino koma ikakhala mu foni yomweyo zimapita limodzi, nde nthawi ndi nthawi koperani pa kompyuta kapena pa flash.

Pangani ma album olembedwa malo ndi mwezi, monga "Likhubula Julayi" ndi chaka chake. Ndipo musamangosunga zokongola zokha. Jambulani msewu wa kwanu, mlatho umene mumawoloka, chigayo, mjigo, mzere wa mashopu pa Chitakale mmene ulili lero. Namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023 napolo anasiya zipsera paphiri zimene zikuonekabe, milatho ina inapita, midzi ina inasintha mpaka osaizindikira, ndipo mabanja ambiri alibe chithunzi olo chimodzi cha mmene pakhomo pawo panalili. Mkungudza wa paphiri nawo watsala wochepa chifukwa chodulidwa. Zimene zikuoneka zawamba lerozi ndi zimene ana athu adzafune kuona, nde pa ulendo uliwonse jambulaniko ziwiri zitatu za mtundu umenewu, mutaima pamalo oti mutha kudzaimanso chaka chamawa.

Zingapo zimene mwazikonda kwambiri kachapitseni ku studio, saizi ya 4x6 ija siidula kwenikweni, kumbuyo lembani ndi bolopeni malo, deti ndi dzina la munthu ngati anakuuzani. Chapitsani ziwiriziwiri za anthu amene munawajambula, china chanu china chawo, ndipo ulendo wotsatira dzerani njira yomweyo mukawapatse m'manja. Ngati simuwapeza siyirani oyandikana nawo pabenchi la pamsika kapena akapitawo a gulu lawo, chimafika.